Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Mlandu wa Giyabokosi Yanga

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo amene mumacheza nane pano, ndikulemba kuchokera kuno kwa Malemia, kumene mtsinje wa Domasi umatsika m'phiri kuyamba ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. Mwazolowera kuti ndikakhala pansi kulemba ndimakamba za chinamwali, za unkhoswe kapena za mwambo wa maliro. Lero ndikamba za galimoto yanga, ndipo ena a inu muti nkhalamba yasokera. Pirirani nane pang'ono, pakuti mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ndinauphunzitsa m'kalasi zaka zoposa 30, koma tanthauzo lake ndinalimvetsa bwino m'chaka cha 2024, nditagwada pansi pa mtengo wa mango kusuzumira kunsi kwa galimoto.

Galimotoyo ndi Toyota Hilux Surf yopangidwa mu 1994, ya injini ya dizilo ya malita 3 imene eni ake amaitcha 1KZ-TE, ndipo imatha kukoka ndi matayala onse anayi. Anandigulira ndi mwana wanga wamwamuna nditangopuma pa ntchito. Inachoka ku Japan itayenda kale, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Anasankha ya otomatiki, yosintha yokha magiya, kaamba ka bondo langa lakumanzere limene linali litayamba kukana kuponda kilatchi. Ana a m'mudzi muno anaitcha Chembere, ndipo dzinali linaiyenera. Yanyamula amayi oyembekezera usiku kupita nawo kuchipatala, yanyamula mabokosi a maliro, ndipo m'dzinja, kamsewu kathu kafumbi kakasanduka phala, ndi iyo yokha imene imafika pa tala osakankhidwa. Koposa zonse, mwezi ndi mwezi imapita ndi agogo anu aakazi ku chipatala chachikulu cha Zomba kukayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi kukatenga mankhwala. Iwowo minibasi saikwanitsanso, ndipo pa kabaza sangakhale.

Vuto linayamba mu June 2024. Tsiku lina galimoto inkanyamuka bwinobwino, magiya n'kumalowa motsatana monga mwa masiku onse. M'mawa mwake, ndikaponda mafuta pochoka pakhomo, injini inkalira mwamphamvu koma galimoto ikungokwawa ngati ngolo yodzaza mchenga. Nthawi zina pokwera kamtunda inkalumphira mwadzidzidzi giya yapamwamba, mphamvu n'kutha, kenaka n'kubwerera ndi chigugu chogwedeza msana. Chimene chinandisautsa n'chakuti matendawa analibe tsiku lake. Ndikaitana mnzanga kuti aimve, inkayenda ngati yatsopano, ine n'kuoneka wokokomeza. Koma m'mawa wina, polowa mumsewu waukulu wa Zomba ndi Liwonde, ndinaona lole ili patali ndipo ndinaponda mafuta kuti ndilowe. Chembere inakana kunyamuka msanga, inangokwawira pakati pa msewu. Dalaivala wa lole anaimba hutala ndi kuponda buleki, agogo anu anagwira pamtima osalankhula kanthu. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti nkhaniyi yafika pa moyo wa anthu.

Ndinapita nayo ku galaja ina m'tauni. Mnyamata wa pamenepo anaiyendetsa mphindi zochepa, ndipo mwamwayi kapena mwatsoka inachita misala yake iye ali pa chiwongolero. Anatsika akupukusa mutu nati, "Madala, giyabokosi yatha iyi. Za otomatiki sititsegula kuno, n'kugula ina basi." Anatchula mtengo wa giyabokosi yogwirapo kale ntchito yoitanitsa ku Blantyre. Mukumbukire kuti mu November 2023 kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, motero chitsulo chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera koopsa. Ndalamayo inkaposa penshoni yanga ya miyezi yambiri. Komabe ndinamukhulupirira, pakuti analankhula mosajejema, ndiponso mumtima mwanga ndinali nditagamula kale mlanduwo: galimoto ya zaka 30, n'chiyaninso chingakhale? Timatero ndi anthu omwe. Nkhalamba ikadwala, ochepa amafunsa chimene chaidwalitsa. Ambiri amangoti ndi ukalamba.

Usiku umenewo ndinauza agogo anu kuti ndigulitsa mitengo ya bulugama imene ndinadzala kumtunda kwa munda. Iwo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Bambo, mitengo ija munalonjeza kuti ndi fizi ya adzukulu. Kodi galimotoyo aifunsa bwino? Ine kuchipatala sandipatsa mankhwala asanandiyeze." Ndinayankha mwaukali kuti za magalimoto sazidziwa. Iwo anangondikumbutsa mofatsa kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndiponso kuti ine pamudzi pano ndine mkamwini, mitengoyo ili pa nthaka ya kuchikazi. Ndinagona wokwiya, koma ndinaimitsa kaye zoitana ocheka matabwa.

Amene anatsegula njira ndi mdzukulu wanga wamkazi wa Fomu 2, amene amatiperekeza kuchipatala kukagwira dzanja agogo ake. Tikudya, anati, "Agogo, galimoto yanu imayamba misala tikadutsa pa mabampu. Pa tala posalala siichita kawirikawiri. Ndiponso ikayamba, kanyali kaja kolembedwa O/D OFF kamathwanima." Kunena zoona, kanyaliko ndinkakaona, koma ndinkati ndi chimodzi mwa zizolowezi za galimoto yokalamba. Ndinafuna kumuuza kuti adye nsima asiye za akulu, koma mwambi wina unanditsina khutu, uja wakuti wamisala anaona nkhondo. Makolo ankatanthauza kuti munthu amene m'mudzi samuwerengera akhoza kuona adani akubwera, nachenjeza, anthu n'kumuseka kufikira mudzi utapsa. Mwana ameneyu si wamisala ayi, koma pa nkhani ya magiya ine sindinkamuwerengera. Iye anali ataona zinthu ziwiri zimene ine ndi mnyamata wa kugalaja sitinazilabadire: nthawi imene vuto limayamba, ndi chizindikiro chimene galimoto yokha inkapereka.

Mnzanga wina wa kutchalitchi anandilozera kwa makaniko wachikulire amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango, wopanda chikwangwani. Bamboyu anaphunzira ntchito ku Zomba likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, kenaka anakakhala zaka zambiri m'magalaja a ku Johannesburg. Nditafika ndinayamba ndi kunena kuti giyabokosi yatha. Anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, musandiuze chimene mukuganiza kuti chaonongeka. Ndiuzeni chimene munaona ndi chimene munamva." Anandikhazika pa chitsa n'kuyamba kufunsa, sipanala asanaigwire. Kodi imachita injini ili yozizira kapena itatentha? Kodi ikabwerera m'mbuyo imavuta? Munaolokapo mtsinje madzi atafika m'mimba mwa galimoto? Oyilo wa m'giyabokosi anasinthidwa liti, ndipo anathira wamtundu wanji? Kodi pamene imaima pamadontha kanthu? Potsiriza anafunsa funso limene ndinaliona ngati lopanda mutu: "Kodi usiku imagona kuti, ndipo imagona ndi chiyani?"

Pamene ankafunsa choncho, ndinakumbukira bwalo la mfumu monga ndinaliona ndili mnyamata. Mfumu yodziwa ntchito yake sinkalankhula koyamba. Wodandaula ankafotokoza, woimbidwa mlandu ankayankha, mboni zinkaitanidwa imodziimodzi, nduna zinkafunsa mafunso, ndipo mfumu inkangomvetsera ili chete. Mboni yonena zongomva kwa ena inkabwezedwa, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Chigamulo chinkadza pomalizira, nthawi zina mpaka tsiku lina. Makaniko uja anachita chimodzimodzi. Anati giyabokosi ndiyo yoimbidwa mlandu, koma asanaiweruze aitana mboni, ndipo ayamba ndi zimene kuzifunsa sikudya ndalama.

Mboni yoyamba inali oyilo. Anandifotokozera kuti m'galimoto ya otomatiki oyilo ndiye amagwira ntchito imene phazi limagwira pa kilatchi. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali chinthu chonga mphika wotsekedwa, m'kati mwake muli mapiko awiri oyang'anana. Injini ikazunguza mapiko amodzi, oyilo amaponyedwa pa enawo, nawonso n'kuyamba kuzungulira. Oyilo yemweyo, akapopedwa mwamphamvu, ndiye amafinya timakilatchi ta m'kati tosankha giya. Luso limeneli si la dzulo: kampani ya General Motors inayamba kugulitsa magalimoto ambiri otere ndi Oldsmobile ya 1940, ndipo oyilo wotchedwa Dexron, amene galimoto yanga imafuna, anatuluka mu 1967. Bamboyo anayendetsa galimoto mpaka itatentha, anaiimika pamalo osapendekeka, injini ikulirabe anayendetsa ndodo ya magiya m'malo ake onse n'kuibwezera pa P, ndipo pamenepo ndi pamene anasolola kachitsulo koyezera. Anadontheza oyilo pa pepala loyera, anamuyang'ana padzuwa, anamununkhiza. Oyilo wabwino amakhala wofiira. Akada bii n'kumanunkha chopserera, ndiye kuti timakilatchi tikupsa. Akaoneka ngati mkaka wosakaniza ndi zofiira, ndiye kuti mwalowa madzi, mwina pooloka mtsinje kapena kudzera mu radiyeta yoboola m'kati. Akachepa, magiya amaterereka. Akachulukitsa, amachita thovu, ndipo vuto limakhala lomwelo. Wanga anali wofiira moderapo pang'ono, wosanunkha, ndiponso wofika pa mzere wake. "Mboni iyi ikuti m'kati simunapse," anatero bamboyo.

Mboni yachiwiri inali chingwe chachitsulo chimene chimachoka pa injini kupita ku giyabokosi, chimene chimakoka pamene phazi laponda mafuta. Ntchito yake ndi kuonjezera mphamvu ya oyilo injini ikamagwira ntchito yolemetsa. Chikakhwepa, magiya amalowa mozengereza ndi moterereka. Chikakungika kwambiri, amalowa ndi chigugu. Changa chinali m'malo mwake. Anayang'ananso mitu ya batire ndi waya wokhuthala amene amamangidwa ku chitsulo cha galimoto, pakuti akachita dzimbiri magetsi amafika mopereweza ndipo zinthu zambiri zimasokonezeka. Anandichenjezanso kuti pali khalidwe lina limene anthu amaliyesa matenda pamene si matenda: m'mawa kukazizira, monga zimakhalira kuno mu June ndi July, galimoto yamtundu uwu siilowa giya yachinayi mpaka injini itafunda. Anaipanga dala motero.

Mboni yachitatu inali kanyali ka mdzukulu wanga, ndipo apa mundilole ndifotokoze monga mphunzitsi. Giyabokosi ya m'galimoto imeneyi, yopangidwa ndi kampani ya Aisin, ili ndi magiya anayi opita kutsogolo, koma siisankha yokha nthawi yosinthira. Pali kakompyuta kamene kamalandira uthenga kuchokera kwa amithenga awiri akuluakulu: wina amanena mmene phazi lapondera mafuta, wina amanena liwiro la galimoto. Kakompyutako kakamva, kamatumiza lamulo kudzera m'mawaya kwa alonda awiri a pazipata za oyilo, otchedwa masolenoidi. Solenoidi yoyamba ikalandira magetsi yokha, galimoto imakhala m'giya yoyamba. Onse awiri akalandira, yachiwiri. Solenoidi yachiwiri ikalandira yokha, yachitatu. Onse akakhala opanda magetsi, yachinayi. Alonda ndi awiri okha, koma malamulo ndi anayi, monga mmene ng'oma imodzi imanenera za maliro kapena za msonkhano malinga ndi kaimbidwe kake.

Tsono kakompyutako kakaona cholakwika kamasunga nambala, ndipo kamainena mwa kuthwanima kwa kanyali kaja. Bamboyo anatsegula boneti, anavundukula kabokosi kakang'ono ka pambali pa injini, natenga kachidutswa ka waya kulumikiza mabowo awiri olembedwa TE1 ndi E1. Anatembenuza kiyi osaliza injini, nauza mdzukulu wanga kuti awerenge. Mwanayo anawerenga mokweza: kasanu ndi kamodzi, kupuma, kenaka kawiri. Nambala 62. Bamboyo anati 62 imaloza njira ya solenoidi yoyamba, 63 ya yachiwiri, pamene 42 ndi 61 zimaloza amithenga a liwiro. Galimoto inali ikunena vuto lake milungu yonseyo, pamaso panga penipeni, m'chinenero chimene sindinavutike kufunsa amene amachimva.

Ine ndinasangalala n'kuti tigule solenoidi. Iye anakana. Anati nambalayo yatchula njira, siinatchule wolakwa. Mwina mlonda wafa, mwina mlonda ali moyo koma uthenga sukumufika. Choyamba anafuna kumva kwa woimbidwa mlandu mwini. Anazula pulagi ya mawaya a masolenoidi kuti kakompyuta kasalowererepo, nayendetsa galimoto posintha magiya ndi dzanja. Pa giyabokosi yamtundu uwu, mukatero, L imapereka giya yoyamba, 2 imapereka yachitatu, D imapereka yachinayi. Chembere inamvera zonsezi popanda kuterereka ngakhale pang'ono. Kenaka anayeza solenoidi ndi mita yake, napeza kuti ili pakati pa ma ohm 11 ndi 15 monga iyenera kukhalira. Mlondayo anali moyo. Panatsala njira ya uthenga. Analumikiza mita ku waya, nandiuza kuti ndiyang'ane muvi wake, iye n'kulowa kunsi kumagwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo. Panapita nthawi yaitali muvi uli chiimire. Dzanja lake litafika pamwamba pa giyabokosi, pamalo osaoneka ndi maso, muvi unagwa, unadzuka, unagwanso.

Anatulutsa dzanja lodzaza ndi zinyenyeswa za chimanga, tinsanza ndi zitosi za makoswe. Makoswe anali atamanga chisa pamalo ofunda amenewo, ndipo anali atatafuna waya wa solenoidi yoyamba mpaka kutsala tiulusi tiwiri kapena titatu ta mkuwa. Pa msewu wosalala tiulusito tinkagundana, uthenga n'kumadutsa. Pa mabampu tinkalekana. Ndipo kakompyuta kakaona kuti solenoidi yoyamba siikuyankha, kamaika galimoto m'giya yachitatu kuti munthu akafike kwao. N'chifukwa chake inkakwawa ponyamuka: inkayamba ulendo ndi giya yachitatu, ngati munthu wokwera njinga amene akufuna kunyamuka pamtunda tcheni chili pa giya yothamangira. Bamboyo anadula pamene panatafunidwa, analumikiza ndi mtovu, anakulunga bwino n'kuveka kapaipi, anachotsa batire kanthawi kuti nambala ifufutike, ndipo anandilangiza kusintha oyilo popeza anali atakhalitsa. Zonse pamodzi sizinafike mtengo wa mbuzi imodzi. Mitengo ya bulugama ilipobe mpaka lero.

Apa ndi pamene ndinamvetsa funso lake lija lakuti galimoto imagona ndi chiyani. Chaka cha 2024 mvula inadula, ndipo mu March boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Chimanga chochepa chimene tinakolola sitinayerekeze kuchiika m'nkhokwe panja poopa akuba. Tinachitonola, tinachithira m'matumba, n'kuchisanja m'kanyumba momwe mumagona galimoto. Makolo athu ankamanga nkhokwe pabwalo, yokwezedwa pa miyala kapena pa mafoloko, yotalikirana ndi nyumba, mphepo ikudutsa pansi, amphaka ndi agalu akuzungulira. Inkaima poyera chifukwa anthu ankaopa kuba chakudya cha mnzawo. Njala ndi kutha kwa manthawo zinalowetsa chimanga m'nyumba, chimanga chinaitana makoswe, makoswe anapeza waya. Ndipo kuwathira mankhwala pafupi ndi chakudya sitikanatha, paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tinasamutsa matumba, tinapeza mphaka. Wolakwa pa mlandu wonsewu, mukaulondola bwino, ndinali ine amene ndinagoneka galimoto ndi chimanga.

Pobwerera kunyumba, galimoto ikusintha magiya mwaulemu, mtima wanga sunakondwe monga ndinkayembekezera. Mau a bambo uja akuti mlonda ali moyo koma uthenga sukumufika anandikumbutsa mwana wina. Mu 1994, chaka chomwe galimotoyi inapangidwa, boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Pa sukulu imene ndinali mphunzitsi wamkulu, makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Mu Sitandade 5 munali mnyamata wina wodabwitsa. Tsiku lina ankayankha masamu mofulumira kuposa anzake onse. Tsiku lina ukamufunsa ankangokuyang'ana, kapena kuyankha zosiyana kotheratu ndi funso, kalasi yonse n'kuseka. Mphunzitsi wake anabwera naye ku ofesi katatu, kunena kuti ndi wamwano, amachitira dala. Ine ndinali ndi ana mazanamazana ndi aphunzitsi operewera. Sindinafunse kuti amalakwa masiku ati, atakhala mbali iti, kapena kuti zinayamba liti. Ndinamupatsa khasu ndi nkhwangwa kuti azule chitsa kuseri kwa ofesi. Anazula masiku atatu. Sabata yotsatira sanabwerenso.

Patapita miyezi ndinakumana ndi atsibweni ake pa maliro. Nditawafunsa za mwanayo anati, "Aphunzitsi, mwana uja khutu lakumanja linafa. Linkatuluka mafinya ali wamng'ono, ndiye silimva." Pamenepo zonse zinaonekera poyera. Pansi pa mtengo ana ankakhala paliponse pamene apeza malo. Akakhala mbali imene khutu lamoyo laloza kwa mphunzitsi, ankamva ndi kuyankha bwino. Akakhala mbali inayo, pakati pa phokoso la ana oposa 100, ankangoona milomo ikugwedera. Nzeru zake zinali zonse. Chimene chinkafunika ndi kumukhazika kutsogolo, kudzanja loyenera, chinthu chosafuna ngakhale tambala imodzi. Ndinatuma uthenga kuti abwerere, koma anali atapita kale kunyanja ya Chilwa kukathandiza asodzi, ndipo ine sindinalondole. Ndinadziuza kuti ntchito inali yambiri.

Zaka zonsezi ndakhala ndikumuona pa msika wa Songani akugulitsa matemba. Ndi bambo wa ana tsopano, imvi zayamba. Amandipatsa moni mwaulemu atapendeketsa mutu kuti khutu lamoyo lindiloze, ndipo ine ndinkayankha msangamsanga n'kudutsa. Sabata imene galimoto inakonzedwa ndinapita dala. Ndinaima kumanzere kwake, ndinavula chipewa, ndinamuuza kuti pa chitsa chija ndinamulakwira, chifukwa ndinamuweruza ndisanamufunse. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anati, "Zinapita zimenezo, ahedi. Koma masamu ndinkawakonda." Anandionjezera matemba pa mulu umene ndinagula, ndipo ndinalephera kukana. Waya wa galimoto analumikizika tsiku limodzi. Za mwana uja palibe makaniko angazibwezere.

Tsono adzukulu anga, mverani. Nkhono ukaigwira mwaphuma imabweza tinyanga take m'kati, ndipo ukhoza kulumbira kuti ilibe maso. Ukakhala pansi osaisokoneza, imatulutsa tinyangato pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwake ndi kumene kuli maso. Galimoto ya otomatiki ikayamba kusintha magiya mosalongosoka, lembani pa pepala nthawi imene ikuchita, msewu wake, ndi ngati injini ili yozizira kapena yotentha. Yezani oyilo m'njira yake, muone mtundu ndi fungo. Yang'anani chingwe, batire ndi mapulagi. Kanyali kakathwanima, pezani wodziwa kuwerenga nambala yake, ndipo nambalayo ikapezeka mulondole waya musanagule chitsulo. Vuto lobwera ndi kupita kawirikawiri limakhala la magetsi, pakuti chitsulo chothyoka sichichira Lachiwiri n'kudwalanso Lachinayi.

Musandimve molakwa. Nthawi zina giyabokosi imathadi, oyilo akada ndi kununkha ndipo pansi pake papezeka tizidutswa ta chitsulo, monganso nthawi zina mwana amakhaladi wamwano. Mnyamata wa kugalaja uja akanatha kukhala wolondola. Cholakwa chake chinali kugamula asanaitane mboni, ndipo ine ndilibe pakamwa pomudzudzulira. Ndiponso kudekha si kuzengereza. Zengerezu analinda kwaukwau, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuphetsa agogo anu pa msewu waukulu chifukwa choyang'ana kanyali milungu ingapo osafunsa. Wodekha amayamba kufunsa tsiku lomwelo, koma chigamulo amachisungira kumapeto.

Inu amene mudzakhale aphunzitsi, anamwino, ankhoswe kapena mafumu, mukadzaona munthu amene lero achita bwino mawa alephera, mudzayambe mwafunsa ngati mau anu akumufika. Mdzukulu wanga uja tsopano akuti akufuna kudzaphunzira za magetsi a magalimoto, ndipo ena pamudzi akuti si ntchito ya mtsikana. Ine ndawauza kuti bulugama alipo, fizi ipezeka. Chembere ikuyendabe, ndipo agogo anu akupereka moni kwa nonse. Ulendo wamawa tidzabwerera ku nkhani ya nkhokwe, kamangidwe kake ndi miyambo yake, popeza ambiri a inu simunaione ikumangidwa.